Kalata kwa akuluakulu a mafilimu ndi ma TV: wamisala wa m'masewero anu uja amatitsatira mpaka kunyumba

Kwa a Censorship Board, a MACRA, atsogoleri a Film Association of Malawi, eni ake ndi mabwana a ma TV onse m'dziko muno, komanso a ku Unduna wa Zaumoyo amene mumayang'anira za matenda a m'maganizo,

Mabwana ndi madona, ndakupatsani moni. Ndikhulupirira mwadzuka bwino ndipo ntchito zikuyenda. Ine ndine mayi wamba wa ku Ndirande, ndimagulitsa kaunjika, sukulu ya mafilimu sindinapiteko ndipo kamera yomwe ndimaidziwa ndi ya pa foni yangayi basi. Koma mafilimu ndimaonera kwambiri, a kuno kwathu, a ku Nigeria, olo aja otanthauzidwa m'Chichewa ndi ma DJ aja omwe timakathiritsa pa flash, nde musaone ngati akulemba ndi mdani wa luso, ayi, ndine kasitomala wanu, ndipo kasitomala akadandaula ndiye kuti akufuna abwerenso.

Chomwe chandipangitsa kulemba ndi ichi. Loweruka lina mwezi wathawu magetsi analipo, nde tinakhala tonse pa balaza tikudya nsima uku tikuonera sewero lina la kuno kwathu pa TV ina, dzina sinditchula chifukwa si iwo okha amene amapanga zimenezi. Sewero likuyenda bwinobwino, nkhani ya mlamu wobwereka ndalama osabweza, tikuseka, kenako uyo watulukira. Mukumudziwa. Buluku long'ambika lomanga ndi luzi, nkhope yopaka makala, tsitsi lothira phulusa ndi maudzu, chisaka cha zinyalala paphewa, zitini m'khosi, akutola nthochi yoola m'bini nkumadya uku akukangana ndi mtengo. Posakhalitsa wayamba kuthamangitsa azimayi pamsika, chitenje cha wina chagwa, kanyimbo koseketsa kaja kalira. Ana anga anaseka mpaka kutaya ndiwo. Inenso ndisaname, pakamwa panayamba kumasuka. Nde potembenuka ndinaona achimwene anga anyamula mbale yawo mwakachetechete nkukadyera kuchipinda. Sananene kanthu. Chitseko chokha ndi chomwe chinamveka.

Achimwene angawa ndi oyamba kubadwa m'banja mwathu ndipo akhala ndi matenda a m'maganizo omwe madokotala amati schizophrenia kwa zaka zoposa 10. Ku Zomba anagonekedwako kawiri, kalekale. Pano amabayitsa jakisoni kamodzi pamwezi, usiku amamwa mapilisi awo, ndipo ndi telala, ali ndi mashini awo opalasa ndi mwendo pa khonde la golosale ina, amasoka mayunifolomu a ana a sukulu moti ikafika September sapuma. Fizi ya mwana wanga wamkulu ali Fomu 2 analipira ndi iwowo nthawi yomwe belo linandigwetsa. Mankhwala aja ali ndi zovuta zake, manja amanjenjemera pang'ono, masiku ena khosi limauma, amayenda ngati munthu wotopa, ndipo polowetsa ulusi pa singano amachita kupuma kaye kawiri katatu, koma akaulowetsa mzere wawo umawongoka kuposa wa matelala ambiri omwe ndikuwadziwa. M'bini sanadyemo. Munthu sanamuthamangitsepo. Nthawi yomwe matenda anafika povuta chomwe ankachita nkudzitsekera m'nyumba, mawindo nkutseka ndi makatoni, chifukwa ankamva mawu a anthu akuwanena, anali munthu wogwidwa ndi mantha usiku ndi usana.

Lolemba lake akupita kuntchito ana a m'dera lathu anawatsatira pambuyo akuyeserera kayendedwe ka munthu wa mu sewero uja, wina atachita kumangirira chitini cha mkaka m'khosi, akukuwa mawu omwewo omwe anamva pa TV. Ana sindikuwada, amatengera zomwe aona. Koma masana ake mayi wina wamkulu ndithu yemwe anasiya nsalu yoti amusokere anabwera kudzaitenga isanadulidwe, akuti wamva kuti telalayu mutu wake suyenda bwino angamuonongere nsalu yodula. Achimwene anaipinda bwinobwino, nkubweza ndi dipoziti yomwe. Madzulo titakhala panja anandifunsa kuti, achemwali, kodi anthu akandiona amaona chimunthu chija? Ndinasowa choyankha. Funso limenelo ndi lomwe ndabwera nalo kwa inu.

Dandaulo langa loyamba ndi lakuti m'mafilimu ndi m'masewero athu muli wodwala mmodzi yekha, ndipo ndi yemweyo chaka ndi chaka, amangosintha buluku. Chikhalirecho bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena kuti mu 2019 munthu mmodzi mwa anthu 8 alionse padziko lonse anali ndi vuto lina la m'maganizo, anthu pafupifupi 970 miliyoni, mwa iwowo 280 miliyoni ali ndi depression, matenda okhumudwa kwambiri kwa nthawi yaitali, pomwe schizophrenia ngati ya achimwene imagwira munthu mmodzi mwa anthu pafupifupi 300. Tangoganizani minibasi ya ku Limbe yopakira anthu 16, awiri mmenemo akhoza kukhala kuti akulimbana ndi chinachake m'mutu, avala bwinobwino, alipira kondakitala, wina akuyankha foni ya abwana ake. Anthu amenewa pa TV pathu kulibe.

Ali kuti mayi wobereka kumene yemwe akungolira osadziwa chomwe chikumuliritsa, mwana sakufuna kumugwira, apongozi nkumati ndi ulesi kapena mwano? Ali kuti mwana wa Fomu 4 yemwe MSCE ikayandikira mtima umathamanga, mpweya kubanika, aphunzitsi nkumati akuzemba mayeso? Nanga bambo yemwe katapila wamupanikiza, banki m'khonde ikumusaka mkazi wake, sakugona masabata atatu koma kutchalitchi akuimba kwaya ngati palibe kanthu? Nanga abwana a muofesi ovala tayi omwe ali ndi bipolar, mwezi uno agula chilichonse ndi kuyamba mabizinesi asanu, mwezi wamawa sakutha kudzuka pabedi? Pitani ku Chilobwe mukacheze ndi anthu omwe anapulumuka matope otsika m'phiri la Soche nthawi ya Cyclone Freddy mu March 2023, ena mpaka lero mvula ikangoyamba kulira pa malata thupi lonse limanjenjemera, ana amabisala kunsi kwa bedi. Nkhani zonsezi ndi za kuno konkuno, za Chichewa chathu chomwechi, koma kamera yanu imangolunjika kubini.

Mwina mukuti nanga vuto lili pati tikasiya kuonetsa enawo. Vuto lake ndi ili, ndipo ngati pali chinthu chimodzi choti mutolepo m'kalata yonseyi ndi chimenechi. Munthu akamavutika m'mutu amadziyerekeza ndi chithunzi chomwe akuchidziwa. Akaona kuti iye sakutola m'bini, sakuvula pamsewu, amati ndiye kuti ine sindikudwala, ndikungofooka, ndilimbe mtima basi. Ndipo akaganiza zopita kuchipatala amaopa kuti akangolowa pakhomo paja anthu amuika m'gulu la munthu wa zitini uja. Nde amakhala chete. Ndili ndi mnzanga pamsika yemwe anakhala miyezi yambiri osagona mwana wake atamwalira, anaonda mpaka siketi kumamanga ndi pini, nditamuuza kuti tiye ukaonane ndi anesi omwe amaona achimwene anandiyankha mokalipa kuti iwe ukundiona ngati ndapenga eti. Mawu amenewo sanawatole kuchipatala, anawatola pa zomwe tonsefe takhala tikuonera ndi kuseka kuyambira tili ana.

Dandaulo lachiwiri ndi chifukwa chomwe mumapereka kuti munthu wadwala. Mu filimu munthu sangodwala ayi. Kapena anaba katundu wotsirika, kapena anapita kokhwima nkuphwanya chizimba, kapena mkazi mnzake wamulodza, kapena ndi chilango choti anazunza ana amasiye, nde kumapeto kwa filimu timuone akuvula pamsika kuti tonse tinene kuti eya zamukwana. Mafilimu a ku Nigeria omwe tinakulira kuonera m'ma video show anatizoloweza zimenezi, munthu wolemera ndi ndalama za magazi mapeto ake ndi misala, ndipo ife tinangokopera osafunsa. Chotsatira chake nchoti aliyense wodwala amaoneka ngati pali chomwe anachita, kapena abale ake anachita. Bambo athu malemu anali ndi kagolosale kakang'ono, kogulitsa sopo, mchere ndi palafini, ndipo achimwene atayamba kudwala mphekesera inamveka mudzi wonse kuti akuluwa akhwimira mwana wawo kuti bizinesi iziyenda. Anamwalira dzina limenelo likadali pamutu pawo. Ifenso, ndivomere, tinataya pafupifupi chaka chathunthu tikuzungulira kwa asing'anga, mbuzi ziwiri zinapita, wailesi inapita, mphini thupi lonse, tisanafike kuchipatala komwe patangotha masabata ochepa munthu anayamba kugona tulo.

Za chamba sindikana, madokotala omwe amanena kuti chikhoza kudzutsa matendawa mwa anthu ena makamaka achinyamata, ndipo mukafuna kuchenjeza achinyamata chenjezani. Koma si aliyense wodwala anasuta. Achimwene olo fodya wamba sanamuyikepo pakamwa.

Pomwe zimandiopsa kwambiri ndi pa agogo. Pali matenda a ukalamba oiwalaiwala omwe gogo amadzuka usiku nkutuluka panja, osadziwa komwe akupita, mwina osavala bwino, mmawa nkupezeka pakhomo pa eni ake akutchula mayina a anthu omwe anamwalira kalekale. Mu sewero gogo ameneyu ndi mfiti yomwe yagwa pa lichero mafuta atatha, anthu nkumuzungulira ndi zibonga ife nkumaombera m'manja. Lamulo la Witchcraft Act la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma pa TV zimadutsa ngati nthabwala. Tonse tikukumbukira za ku Neno mu January 2016 pomwe anthu okalamba 4 anaphedwa powaganizira ufiti mphenzi itapha mtsikana. Sindikunena kuti filimu ndi yomwe inagwira chibonga, ayi, koma maganizo omwe amafikitsa anthu pamenepo amathiriridwa tsiku ndi tsiku, ndipo ena mwa othirira ndi ife oonera ndi inu oonetsa. Chimodzimodzi khunyu, mumalisakaniza ndi misala komanso ziwanda, munthu wagwa anzake onse kuthawa kuopa kutengera, chonsecho khunyu silopatsirana ndipo mankhwala ake alipo m'zipatala zathu.

Chachitatu ndi machiritso. Wodwala wa mu filimu amachira njira ziwiri basi, mneneri amugwira pamutu nkugwa nkudzuka akufunsa kuti ndili kuti, kapena sing'anga amufukiza nkusanza chinthu. Akapanda kuchira ndiye unyolo kumwendo, kumumangirira pamtengo kuseri kwa nyumba. Musandimve molakwika, ine ndine wa Mvano, ndimapemphera, ndipo achimwene timawapempherera mpaka lero, koma timapemphera uku tikuwerenga masiku a jakisoni pa kalendala. Sindinaonepo olo kamodzi sewero la kuno kwathu loonetsa munthu atakhala pabenchi ndi buku lake lakuchipatala m'manja akudikira kuonana ndi nesi, akufunsa za mankhwala omwe akumuumitsa khosi, nesi nkumuonjezera kapilisi kothetsa zimenezo, munthu nkubwerera kuntchito yake. Chipatala mukachionetsa ndiye ndi anthu ovala zoyera akulimbana ndi munthu ngati akugwira ng'ombe, chijakisoni chachikulu ngati pampu ya njinga.

Ndipo dzina loti Zomba lasanduka nthabwala, aliyense akalankhula zosamveka timati tikutengera ku Zomba. Mantha amenewa ali ndi pochokera, sindikutsutsa. Nthawi ya atsamunda kuyambira 1910 odwala ankasungidwa mbali ina ya ndende ya Zomba, chipatala chenichenicho cha Zomba Mental Hospital chinadzatsegulidwa mu 1953, ndipo lamulo la Mental Treatment Act la 1948 tinakhala nalo zaka zoposa 70. Chithunzi cha ndende chija chinachokera kumeneko. Koma dziko linasuntha. Ku Mzuzu kuli St John of God komwe amathandiza odwala komanso kuphunzitsa ogwira ntchito za umoyo wa m'maganizo, ku Lilongwe alikonso, kuno ku Blantyre anthu amapita ku Room 6 ku Queens, m'zipatala za m'maboma muli anesi ophunzira za matendawa, ndipo ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS akuphunzitsa madokotala athuathu a ntchito imeneyi olo kuti akadali ochepa zedi. Ngati mukufuna mavuto oti filimu ikome, alipo enieni, mwezi wina timapita nkutiuza kuti jakisoni watha bwerani sabata yamawa, ine nkumakwera minibasi kusaka m'mafamase ndi ndalama ya mpamba, uku ndikuyang'ana achimwene ngati ayambanso kutseka mawindo. Sabata imeneyo kutalika kwake simungakumvetse. Imeneyo nde filimu, yoti munthu angaonere atagwira mtima, koma palibe amaijambula.

Chachinayi ndichidule. Wodwala wanu nthawi zonse amakhala ndi mwala kapena chikwanje m'manja. Akatswiri akhala akunena kuti odwala ambiri sachita zachiwawa, ndipo kawirikawiri iwowo ndi omwe amamenyedwa, kuberedwa ndi kugwiriridwa. Amayi odwala omwe timawaona m'matauni ali ndi mimba kapena khanda kumbuyo, anawapatsa mimbayo ndi anthu omwe timati ndi abwinobwino mutu. Landilodi wina anatikaniza nyumba atangomva za achimwene, akuti angadzaotche. Munthu woopa olo kupha nkhuku.

Chachisanu ndi nkhani yodzipha, ndipo apa ndilankhula mosamala chifukwa ndikudziwa kuti ena owerenga kalatayi anataya abale awo. Apolisi akhala akulengeza chaka ndi chaka za kuchuluka kwa anthu odzipha m'dziko muno ndipo ambiri mwa iwo ndi abambo. Pomwe zili chonchi masewero athu akuonetsabe kudzipha ngati njira yotsekera nkhani, mkazi wathawa, ngongole yakula, mayeso walephera, basi munthu wapita, kamera nkuonetsa chilichonse, chida chake, malo ake, mmene wachitira, kenako onse omwe anamulakwira akulira modandaula pamaliro ngati kuti iye wapambana mlandu. Mwana wa zaka 15 yemwe ali kale pamavuto akaonera zimenezo waphunzira chani? Nthawi zina mpaka zimakhala zoseketsa, munthu akufuna kudzipha nkulephera anthu nkumaseka. Chonsecho kwa zaka zambirimbiri gawo 229 la Penal Code lakhala likunena kuti woyesa kudzipha wapalamula mlandu, nde munthu amaopa apolisi, amaopa kusekedwa, atsala ndi ndani woti amuuze?

Izi si ine ndayamba kuzinena. A WHO mu 2019 anatulutsa malangizo olembera opanga mafilimu ndi masewero enieniwo, oti musaonetse njira yodziphera, muonetse anthu omwe anadutsa m'mavuto nkupeza thandizo, muuze oonera komwe angapite, komanso mufunse akatswiri ndi anthu omwe zinawachitikira musanajambule. Olo Netflix, ndi ndalama zake zonse zija, mu 2019 inachotsa chigawo choonetsa mtsikana akudzipha mu sewero lake la 13 Reasons Why, patatha zaka ziwiri chitulukireni, madokotala ndi makolo atadandaula. Ngati iwo anavomera kudula, ife chingatikanike nchani?

Chomaliza pa madandaulo, ndipo ichi nde chafika posauzana, ndi achinyamata a makamera a pafoni omwe akusaka ma views pa TikTok, Facebook ndi YouTube. Awa sachita kuvala zong'ambika ayi, amapita kukapeza wodwala weniweni pa depoti kapena pamsika, kumugulira kabanzi ndi Fanta kuti avine kapena ayankhe mafunso opusa, vidiyo nkuiponya, ma gulupu onse a WhatsApp nkumagawana ndi tizithunzi toseka tija. Munthu uja ali ndi mayi ake. Mwina ali ndi ana omwe mawa apita kusukulu anzawo ataonera kale. Ndipo akadzachira, poti ambiri amachira, adzapeza vidiyo ija ikadali pa intaneti, ofuna kumulemba ntchito aiona, ofuna kumukwatira aiona. Munthu yemwe sakudziwa kuti lero ndi lachingati sangavomere kujambulidwa. Malamulo aakulu a dziko lino pa gawo 19 amati ulemu wa munthu aliyense sungaphwanyidwe, sanati kupatula odwala, ndipo Malawi anavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala mu 2009. Komanso ena a inu a ma TV mumatenga timavidiyo timeneti nkutiika m'mapulogalamu a zoseketsa.

Ndikudziwa zomwe muyankhe. Ena muti mayi inu ndi sewero chabe, anthu amafuna kuseka, moyo wavuta kale. Zoona, inenso ndimafuna kuseka, ndipo kunyumba kwathu timaseka za matendawa kuposa mmene mungaganizire, achimwene eni ake amati iwo ndi okhawo m'banja mwathu omwe ali ndi pepala la dokotala lonena kuti pano mutu uli bwino, enafe sitinayezedwe. Nthabwala imeneyo imakoma chifukwa mwini wake ali momwemo akuseka nafe, sanatuluke kukadyera kuchipinda. Ena muti bajeti ndi yochepa, mafilimu timapanga ndi ndalama za m'thumba, akuba ma CD ndi ma flash atimaliza. Ndikumva ndipo ndikukumverani chisoni. Koma kulemba munthu ngati achimwene sikufuna ndalama yoposa kugula makala ndi chisaka, kumangofuna kukhala pansi ndi anthu nkuwamvera.

Ndipo munachitapo kale, nchifukwa chake ndikulimba mtima kukupemphani. Kumbukirani mmene tinkanenera za Edzi kale, kaliwondewonde, kanyera, munthu woonda wa tsitsi lapepelepepe yemwe aliyense akumuthawa. Masewero ngati Tikuferanji analowa m'nyumba zathu nkuyamba kukamba zomwe tinkaopa kutchula, ma ARV aulere atayamba mu 2004 tinayamba kuona anthu akumwa mankhwala nkumalima, kukwatira, kulera ana, ndipo lero munthu amatha kunena pagulu kuti ndikukatenga mankhwala anthu osadzidzimuka. Abale athu achialubino nawonso, mayina onyoza aja omwe tinkamva paliponse lero wosewera sangawatchule pa TV osadzudzulidwa. Zinatheka chifukwa wina anaganiza kuti basi zakwana. Nkhani zabwino zoti mutolepo ziliponso pafupi, ku Zimbabwe dokotala Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pabenchi panja pa chipatala nkumamvetsera anthu omwe akuvutika ndi kuganiza kwambiri. Gogo yemwe inu mumamupanga mfiti, kwina akuchiza anthu ndi makutu ake.

Nde mabwana ndi madona, zopempha zanga ndi izi, mwaulemu.

1. A Censorship Board, lamulo lanu la 1968 limakupatsani mphamvu younika mafilimu ndi masewero. Sindikupempha kuti mubwerere ku zoletsa chilichonse ngati kale, ayi, luso lisamangidwe. Ndikupempha kuti mmene mumaunikira zolaula muziunikanso zoonetsa njira yodziphera ndi zonyoza odwala, ndipo filimu yotere izikhala ndi chenjezo komanso msinkhu woyenera kuonera.

2. A Film Association of Malawi, khalani pansi ndi a Unduna wa Zaumoyo, a St John of God komanso a MeHUCA, bungwe la odwala eni ake ndi owasamalira, mulembe malangizo achidule a m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, masamba awiri atatu okwana kutumiza pa WhatsApp, oti wolemba sewero aliyense aziwerenga asanaike wodwala mu nkhani yake. Malangizo a WHO a 2019 aja alipo kale, ndi ongotanthauzira nkuwaika m'zathu.

3. Musanajambule munthu wodwala, wolemba ndi wosewera akacheze ndi anthu omwe anadwalapo ndi abale awo, ndipo anthu amenewo muziwapatsa kangachepe chifukwa akupatsani nzeru zawo. Ena mwa iwo amatha kulemba ndi kusewera, apatseni mpata.

4. Eni ma TV ndi ma wailesi, sewero lililonse lokhudza kudzipha kapena matenda a m'maganizo lizitha ndi uthenga wonena komwe munthu angapeze thandizo, ndipo nambala yomwe muikepo muziyamba mwaiimba kaye nokha kuti muone ngati ikuyankhidwa.

5. A MACRA, ikani poyera njira yosavuta yoti munthu wamba ngati ine adandaulire pulogalamu yonyoza odwala, ndipo nenani momveka kuti kuulutsa vidiyo ya munthu weniweni yemwe akudwala popanda chilolezo chake ndi kulakwa. Otsatsa malonda nanunso muziona kuti dzina la sopo wanu likutuluka pambali pa chani.

6. Onse omwe mumapereka ndalama zothandizira luso, patulaniko kagawo ka mafilimu oonetsa nkhope zina zija, mayi wobereka kumene, bambo wa ngongole, gogo woiwala, mwana wa sukulu, wopulumuka ku Freddy, a kumudzi ndi a m'tauni, Asilamu ndi Akhristu, olemera ndi osauka. Ndipo pakhale olo mmodzi yemwe matenda ake si ndiwo mutu wa nkhani, angokhala telala kapena mphunzitsi mu sewero yemwe amamwa mapilisi ake usiku nkhani nkumapitirira.

7. A Unduna, pa 10 October chaka chilichonse pamakhala tsiku lokumbukira umoyo wa m'maganizo padziko lonse, timaona ma T-shirt ndi zolankhula. Chaka chino itananiko opanga mafilimu, ma DJ otanthauzira aja ndi achinyamata a TikTok adzakhale nawo, chifukwa iwowo ndi omwe ana athu amawamvera kuposa ma poster a pachipatala.

Kwa inu anzanga omwe mukuwerenga kalatayi pa foni, igaweni ifike kwa eni ake, ndipo ngati kwanu kuli wodwala lembani zanu pansipa osatchula dzina lake, mabwanawa aone kuti si ine ndekha.

Kalatayi ndisanaitumize ndinawawerengera achimwene yonse, chifukwa nkhani ndi yawo ndipo akanakana sindikanaitulutsa. Anamvetsera uku akusoka kolala ya yunifolomu, anandiuza kuti ndichotse ndime ina yomwe ndinakalipa kwambiri, ndachotsa. Kenako anati ndikuuzeni kuti wolemba sewero aliyense wofuna kudziwa mmene mawu aja amamvekera m'mutu abwere adzawafunse, amuuza zonse, bola abwere masana osati nthawi ya mayunifolomu. Akutinso mukafuna zovala za osewera anu akhoza kukusokerani pamtengo wabwino, koma zong'ambika sasoka.

Ndine wanu mwaulemu,
Mlongo wake wa telala,
Ndirande, Blantyre